OSAONA NDI NCHITO ZAO

M'dziko lathu la Zambia mulibe dera lopanda munthu wosaona. Ena anabadwa otero, ena anadwala cikuku akali ana, ndipo ena maso ao anacita ng'ala atakula. Kawiri kawiri tiwapeza atakhala pakhonde tsiku lonse, kapena ku msika atatambasula dzanja, kamwana kowatsogolera kataima pambali. Tiponya kandalama m'mbale ndi kupitirira, tiri kuyesa kuti tacita cokoma. Koma taganizani, abale: mawa munthuyo adzakhalanso pomwepo, ndipo kamwanako sikadzapitanso ku sukulu. Cotero khungu la munthu mmodzi lasaukitsa anthu awiri.

Mau a phunziro lathu ndi awa: cimene cimanga wosaona si maso okha ai, koma kusowa womphunzitsa ndi kusowa womkhulupirira pa nchito. Akapeza zinthu zitatu, ndizo kuwerenga, kuyenda yekha, ndi nchito, angathe kudzidyetsa ndi kusunga banja monga munthu ali yense.

1. KUWERENGA NDI ZALA

M'caka ca 1809 ku Coupvray, mudzi wa ku France, kunabadwa mwana dzina lace Louis Braille. Atate wace anali mmisiri wosoka zikopa zomangira akavalo. Mwanayo ali wa zaka 3 anadzilasa m'diso ndi citsulo cosongoka ca atate wace. Cironda cinafalikira ku diso linzace, ndipo maso onse awiri anafa. Makolo ace sanambisa m'nyumba. Ali wa zaka 10 anamtumiza ku sukulu ya osaona ku Paris, ndipo kumeneko, asanakhale ndi ndevu, anapeza njira yolembera mau ndi timadontho totumphuka pa pepala.

Malembedwe ace ali otere. Malo a cilembo cimodzi ali ndi timadontho 6, titatu kumanzere ndi titatu kumanja. Posintha-sintha timadontho totumphuka papezeka zizindikiro 63, zokwanira zilembo, manambala ndi zopumira. Kukula kwa cilembo kulingana ndi nsonga ya cala, kotero kuti cala cicizindikira pakucikhudza kamodzi kokha. Wolemba abaya pepala kumbuyo kwace ndi kacitsulo, kuyambira kumanja kunka kumanzere; akalitembenuza, awerenga kuyambira kumanzere monga ticita ife tonse.

Braille anafalitsa njirayi m'caka ca 1829, namwalira mu 1852, akulu a sukulu asanaibvomereze kwenikweni; anailandira mu 1854. Lero malembawa achedwa ndi dzina lace, ndipo alembedwa m'zinenero zambiri, ndi Cinyanja comwe.

2. ZA KU MAGWERO

Sitiyenera kuyesa kuti zimenezi nza kutali kokha. Sukulu yoyamba ya osaona m'dziko muno inayamba kwathu kuno kum'mawa, pa Magwero pafupi ndi Chipata, mzinda umene kale unachedwa Fort Jameson. Misyoni ya Dutch Reformed Church inatsegulidwa pamenepo mu 1899, ndipo mu 1905 Dona Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa osaona. Atamwalira iye, Dona Ella Botes anagwira nchitoyo zaka zambiri, ndipo mu 1955 panatsegulidwanso sukulu ya ogontha. Dzina lakuti Magwero linakhaladi loyenera, pakuti pambuyo pace masukulu ena a osaona anabuka ku Sefula pafupi ndi Mongu, ku Kawambwa, ku Mporokoso ndi ku Ndola.

Tsono kholo limene lisunga mwana wosaona kuseri kwa nyumba cifukwa ca manyazi, kapena lim'yendetsa kwa aula kufunsa amene anamlodza, litaya zaka zimene mwanayo akadaphunzira. Zala za mwana ziphunzira msanga koposa zala za wamkulu zimene zauma ndi khasu.

3. NDODO YOYERA

Munthu amene sangafike yekha ku cimbudzi, ku citsime kapena ku msika adzakhala mtolo wa ena masiku onse. Cifukwa cace osaona aphunzitsidwa kuyenda ndi ndodo yaitali yoyera. Ndodoyi siyotsamira ai. Mwini wace aiyendetsa patsogolo pace, uku ndi uku, kuti igunde pamene phazi liti liponde. Motero adziwa dzenje, citsa kapena mwala asanafikepo. Kuyera kwace kucenjeza oyendetsa galimoto ndi njinga. Mwambo umenewu unafala ku France m'caka ca 1931, ndipo tsiku la 15 Okutobala lisungidwa m'maiko ambiri monga tsiku la ndodo yoyera.

4. NCHITO

Kodi wosaona angalime? Inde. Mphunzitsi amanga cingwe pa zikhomo ziwiri, napanga mfundo m'cingwemo zotalikirana mofanana. Mlimi atsata cingwe ndi dzanja, nabzala pa mfundo iri yonse. Ndipo mizere yace ituruka yoongoka koposa ya ambiri a ife openya. Popalira, zala zisiyanitsa cimanga ndi udzu. Kuweta nkhuku, kutong'ola cimanga, kusenda nsawawa, kuluka mphasa, madengu ndi mipando, zonsezi zicitika ndi manja odziwa.

Koma tisaganize kuti nchito za osaona zilekezera pa madengu. Zaka zapitazo ambiri analembedwa m'maofesi a boma ndi m'zipatala kuti alumikize mafoni. Nchito imeneyo inacepa pamene mafoni a m'manja anafala, koma makina omwewo anatsegula khomo lina, pakuti tsopano kuli mafoni ndi makompyuta amene awerenga mokweza mau olembedwa. Alipo osaona amene aphunzitsa m'masukulu, ndi ena amene anatsiriza maphunziro a ku yunivesite. Akulu akumbukira Lazarus Tembo, woimba wosaona, amene anakhala nduna m'boma la Kenneth Kaunda. Ku England, John Wilson anataya maso ali wa zaka 12 pa ngozi ya ku sukulu, koma mu 1950 anayambitsa bungwe lothandiza osaona limene lero lichedwa Sightsavers.

Lamulo la dziko nalonso liri ku mbali yao. Mu 2010 Zambia inabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kusala munthu pa sukulu kapena pa nchito cifukwa ca cilema. Bungwe la boma lochedwa Zambia Agency for Persons with Disabilities lilemba maina ao ndi kuyang'anira zosowa zao. Koma lamulo liribe miyendo; sirifika pamudzi ngati palibe munthu wolinyamula.

5. ZIMENE IFE TINGACITE

Coyamba, citani cangu ndi maso odwala. Ng'ala icotsedwa ku cipatala, ndipo okalamba ambiri amene anataya mtima aonanso. Katemera wa cikuku ndi vitamini A ziteteza maso a ana. Musathire madzi a zitsamba m'diso. Ambiri amene akadacira anakhala akhungu ndi mankhwala otere.

Caciwiri, ngati pamudzi pali mwana wosaona, akulu a mpingo apite ndi makolo kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku ofesi ya maphunziro pa boma. Ndalama ya ulendo ikasowa, asonkherane.

Cacitatu, gulani zimene wosaona apanga, pa mtengo wace weni weni, ndipo ngati dengu laipa muuzeni. Kumyamika monama ndiko kumyesa mwana. Pogawa minda, pokhazikitsa kagulu kosunga ndalama, ndi posankha akomiti, musamdumphe.

Cacinai, dziwani makhalidwe oyenera. Pofika chulani dzina lanu, ndipo pocoka tsazikani, kuti asalankhule ndi mphepo. Lankhulani ndi mwini wace, osati ndi womtsogolera. Pomtsogolera musamkoke ndi ndodo. Mlekeni agwire cigongono canu, inu mutsogole pang'ono. Pakudya muuzeni pamene pali nsima ndi pamene pali ndiwo. M'nyumba mwace musasunthe zinthu osamuuza, pakuti iye asunga malo a cinthu ciri conse m'mutu.

Makolo athu anati, lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza. Amene apenya lero sadziwa za ukalamba wace. Njira imene tilambulira mbale wathu caka cino, kapena tidzayendamo tokha.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi m'midzi ya mpingo wanu muli osaona angati? Mwa iwo, ndi angati amene sanapimidwe ku cipatala?
2. Kodi alipo mwana amene waleka sukulu kuti atsogolere kholo lace? Ndani angamlandire nchitoyo?
3. Chulani nchito zitatu za pamudzi panu zimene wosaona angaphunzire mvula isanagwe, ndi munthu amene adzamphunzitsa.