Mukafuna kukacheza kwa Tengani ndi banja lanu

Ngati muli ndi ana aang'ono, kwa Tengani musapiteko mu Okutobala kapena Novembala. Miyezi imeneyi kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40, ndipo mwana wa kumtunda amalefuka tsiku loyamba lomwe. M'dzinja namonso muli vuto la madzi osefukira, monga zinachitikira mu 2015 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Sankhani Juni, Julayi kapena Ogasiti.

Kuchokera ku Blantyre, nyamukani m'mamawa potsata msewu wa M1. Mukatsika mapiri a Thabwa muwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, mudutsa minda ya nzimbe ku Nchalo, kenako Ngabu ndi Bangula. Kwa Tengani mufika musanalowe pa boma la Nsanje. Nyamulani neti ya udzudzu, madzi akumwa okwanira ndi zipewa za ana.

Chachikulu nchakuti mukhale ndi wokulandirani. Mudzi si malo ongolowa ndi foni m'manja nkuyamba kujambula. Funsani mnzanu wa kuntchito kapena wa kutchalitchi amene kwawo nkomweko, akulumikizeni ndi abale ake. Iwowo akakuperekezani kwa amfumu kukapereka moni. Musafike chimanjamanja: shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira nzokwanira, ndipo muzipereke kwa mayi a pakhomopo ndi manja awiri. Kumeneko kuli Amang'anja ndi Asena, choncho phunzitsani ana kunena kuti "takhuta", kutanthauza zikomo, akalandira kanthu.

Nyumba za m'mudzimo muziyang'ane mofatsa. Denga la udzu ndi zipupa zomata ndi dothi zimasunga kuzizira masana, pamene m'nyumba ya malata simukhalika. Afunseni eni ake kumene amamweta udzu, momwe amazirira pansi, ndi chifukwa chake nkhokwe imakhala pamwamba. Koma mukaona nyumba za njerwa zootcha pakati pa za udzu, musadandaule kuti mudzi ukutaya maonekedwe ake. Anthuwa agwetseredwa nyumba ndi madzi kangapo, ndipo ali ndi ufulu wogona mopanda mantha. Pemphani musanajambule munthu kapena khomo lake.

Madzulo apempheni akutengereni kumadimba, kumene chimanga ndi mbatata zimabiriwira mvula itasiya kale. Tsidya la Shire ndi Mozambique. Mtsinjewu uli ndi ng'ona ndi mvuu, ndiye mwana asasambe kapena kusewera m'mphepete mwa madzi, ngakhale aone anzake akutero. Akakuphikirani nsima ya mapira ndi mlamba kapena makakana, idyani ndi mtima wonse.

Mukafuna kupitirira mpaka ku Khulubvi, kachisi wa M'bona kufupi ndi boma la Nsanje, yambani mwapempha chilolezo kwa osunga malowo, ndipo tsatirani zimene akuuzeni pa zovala ndi pomwe muyenera kuima.