Mafunso ndi Mayankho: Foni ndi Wailesi pa Ntchito ya Mpingo ku Angónia

Pulogalamu ya lero ikuyankha makalata atatu a omvera a m'boma la Angónia, ndipo onse akukhudza kagwiritsidwe ntchito ka foni ndi wailesi pakati pa akhristu okhala m'midzi yotalikirana.

Funso: Katekisiti wina wa m'dera la Dómue walemba kuti amatumiza mawerengo ndi zolengeza za Lamulungu pa WhatsApp kwa atsogoleri a miphakati, koma ambiri amafika pa mapemphero asanaziwerenge. Kodi umenewu ndi ulesi?

Yankho: Akatekisiti asafulumire kuweruza atsogoleri awo, chifukwa vuto lalikulu lili pa zolemba. Anthu a ku Angónia amalankhula ndi kupemphera m'Chichewa, koma ambiri mwa amene anapita kusukulu anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, kotero uthenga wautali wolembedwa m'chilankhulo chawo chomwe umawavuta, ndipo wa m'Chipwitikizi sufika kwa agogo ndi amayi ambiri amene ndiwo amadzaza tchalitchi. Chothandiza ndi uthenga wa mawu, kutanthauza mawu ojambulidwa pa foni amene wolandira amangomvetsera, ndipo ukhale waufupi, wonena chinthu chimodzi, kuti usathe bandulo, yomwe ndi intaneti yogula pa Vodacom, Movitel kapena Tmcel.

Palinso china chimene anthu a ku Ulongué, kumene magetsi ndi netiweki zilipo, amachiiwala msanga. Kumidzi foni yofala ndi yamabatani, yotchajidwa pa sola, ndipo yambiri mwa mafoni otere siitsegula WhatsApp, koma imalandira memori khadi, kachipangizo kakang'ono kosungira mawu ndi nyimbo. Mawerengo a mwezi wathunthu, ochokera m'Buku Loyera la 1998 kapena m'Buku Lopatulika la 1922 malinga ndi mpingo, angathe kujambulidwa ndi munthu wowerenga bwino, kenaka n'kugawidwa pa makhadi pamene atsogoleri akumana ku parishi, ndipo khadi limodzi likaikidwa m'kawailesi limatumikira mphakati wonse popanda netiweki. Amishonale a Chiyezuiti a ku Lifidzi ndi a Reformed amene anatsegula mishoni ya Mphatso mu 1909 ankadalira aphunzitsi oyenda pansi onyamula mabuku. Woyendayo akufunikabe, kungoti katundu wake wapepuka.

Funso: Mkulu wa mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique akufunsa ngati n'koyenera kulandira chachikhumi ndi zopereka za masika kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, popeza ana ambiri a mpingowo ali ku Tete, ku Beira ndi ku South Africa.

Yankho: N'koyenera, ndipo kumapulumutsa msungichuma ku ulendo woyenda ndi ndalama m'thumba pa nyengo imene alimi agulitsa mbatata ya kachewere ndi chimanga. Choopsa n'chakuti ndalama ya pa foni siioneka ndi maso a mpingo monga imaonekera ya m'mbale. Choncho nambala yolandirira ikhale ya ntchito ya mpingo yokha, isakhale imene abusa kapena msungichuma amagulira zapakhomo, ndipo uthenga uliwonse wotsimikiza kuti ndalama yalowa ulembedwe m'kaundula pamaso pa akulu awiri, kenaka chiwerengero chilengezedwe poyera. Akhristu achenjezedwenso kuti nambala yachinsinsi siiuzidwa munthu, ngakhale woimba foni atadzitchula kuti ndi wa kampani kapena wa ku Sinodi. Kwa okhala kufupi ndi Calómuè, pa malire ndi Malawi, kumene ena amagwiritsa ntchito manambala a ku Malawi ndipo amapereka m'makwacha, kaundula akhale ndi tsamba lake la ndalamayo, losiyana ndi la metikali.

Funso: Mayi wina wosamalira wodwala akufunsa ngati kumvera Misa pa Radio Maria ya ku Malawi n'kokwanira, ndiponso ngati wodwalayo angalape pa foni.

Yankho: Wodwala ndi womusamalira sakakamizidwa kupita kutchalitchi, ndipo kumvera Misa pa wailesi kumawalimbikitsa ndithu, koma Mpingo wa Katolika suvomereza sakramenti la kulapa pa foni, popeza wansembe ndi wolapa ayenera kukhala pamodzi. Mayiwa aimbire mtsogoleri wa mphakati, amene adziwitse abambo mfumu kuti afike kunyumbako ndi Ukaristia ndi mafuta a odwala.