Chobwereka Chili ndi Mwini Wake

Ang'ono anga amene mwayamba kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndikufuna ndikuuzeni za fayilo imodzi imene ambiri a ife sititsegula. Dzina lake ndi LICENSE. Imakhala poonekera m'foda ya library iliyonse yolongosoka, koma ine ndinatha zaka ndikungoidumpha, mpaka tsiku limene inandigwetsa chagada.

Ndinali nditamaliza kulembera kampani ina pulogalamu yotulutsa malisiti, yoti makasitomala awo azilowamo pa intaneti. Zonse zinkayenda bwino. Tsiku lopereka ntchito, mayi wina woona zamalamulo pakampanipo anandipatsa pepala la madanga atatu: dzina la library, version yake, laisensi yake. Anati, "Bambo, tilembereni zonse zimene mwagwiritsa ntchito." Ndinayankha kuti ndibweretsa masana omwewo, poti ndinkakumbukira ma library ochepa amene ndinaika ndi manja anga. Nditauza kompyuta kuti ionetse zonse, maina anayamba kutsika osaleka. Library iliyonse imene ndinaitana inabwera ndi abale ake, ndipo abalewo anabweranso ndi awo. Pakati pa gululo panali ina yopangira mafayilo a PDF, ya laisensi ya AGPL. Kampaniyo sinkafuna kuti code yake ionedwe ndi anthu akunja. Ndinatsala ndi njira ziwiri: kugula chilolezo chamalonda cholipira m'madola, kapena kuzula library ija n'kulembanso mbali yonseyo. Ndinazula. Anali masabata atatu ogona mochedwa popanda wondilipira ngakhale tambala, ndipo wolakwa ndinali ine ndekha. Safunsa anadya phula.

Choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti chaulere si chopanda mwini. Munthu akalemba code, malamulo a copyright amamupatsa umwini nthawi yomweyo, monga amachitira ndi woimba kapena wolemba buku. Laisensi ndi mawu a mwiniwakeyo okuuzani kuti, tengani, koma muchite izi ndi izi. Ndiye mukapeza code yabwino pa GitHub yopanda laisensi iliyonse, musasangalale kuti mwatola. Pamenepo mwiniwake sanakuloleni kuiika m'ntchito yanu. Mulembereni, mupemphe, ndipo akapanda kuyankha fufuzani ina.

Malaisensi alipo ambiri, koma mukadziwa mabanja awiri mwadziwa zambiri. Banja loyamba ndi la MIT, BSD ndi Apache 2.0. Awa amakulolani kutenga, kusintha, ngakhale kugulitsa osaonetsa code yanu. Chimene amapempha n'chochepa: musafute maina a olemba, ndipo mawu a laisensi aziyenda limodzi ndi pulogalamuyo. N'zomvetsa chisoni kuti ngakhale chochepachi ambiri timachiphwanya. Banja lachiwiri ndi la GPL, imene Richard Stallman anatulutsa mu 1989, n'kukonzedwanso mu 1991 ndi mu 2007. Iyi imati ukamanga pulogalamu yako pa code ya GPL n'kuipereka kwa ena, uwapatsenso code yonse pansi pa laisensi yomweyo. AGPL, imene inandigwira ine, imafika patali: imawerengeranso anthu amene akugwiritsa ntchito pulogalamuyo kudzera pa intaneti, ngakhale simunawapatse fayilo iliyonse m'manja.

Musamve ngati ndikunena kuti GPL ndi mdani. Mu 2003 anthu anazindikira kuti router ya Linksys WRT54G inali ndi Linux m'kati, ndipo anaumirira mpaka kampaniyo inatulutsa code yake. Pa code imeneyo ndi pamene panabadwira OpenWrt, imene lero ikuyendetsa ma router m'maiko ambiri. GPL inalembedwa kuti amene walandira asatsekere anzake chitseko. Vuto limabwera mukailowetsa m'nyumba osadziwa zimene mwavomera, kapena mukaisakaniza ndi ina yosagwirizana nayo. Mwachitsanzo, code ya Apache 2.0 mungaiphatikize ndi ya GPL 3, koma osati ndi imene ili ya GPL 2 yokha. Onse ndi open source, koma si onse angadyere mbale imodzi.

Chachiwiri, musangoyang'ana mlendo amene mwamuitana. Yang'ananinso katundu amene wanyamula. Ambiri mwa inu mukuidziwa Ruby on Rails, imene a Baobab Health analembera mapulogalamu a m'zipatala zathu. Mu Malichi 2021, anthu ogwiritsa ntchito Rails padziko lonse anadzuka n'kupeza kuti sangathe kuika mapulogalamu awo pa seva. Chifukwa chake chinali pansi kwambiri. Rails imadalira Active Storage, iyo imadalira Marcel, ndipo Marcel inkadalira kalibrary kakang'ono kotchedwa mimemagic, kothandiza kuzindikira mtundu wa fayilo. Kalibraryko kankati ndi ka MIT, koma m'kati mwake munali fayilo yotengedwa ku shared-mime-info, yomwe ndi ya GPL. Wosamalira shared-mime-info atanena zimenezi, mwini mimemagic anachotsa ma version akale onse, ndipo aliyense amene ankawadalira anaima. Panatenga masiku angapo kuti a Rails atulutse Marcel yatsopano yotenga mndandanda wake ku Apache Tika. Taonani: ambiri mwa ovutikawo anali asanamvepo n'komwe dzina loti mimemagic. Walira mvula walira matope, ndipo amene waika library imodzi wavomera zonse zimene yakoka.

Chachitatu, laisensi imasintha. Imene munawerenga chaka chatha si chikole cha chaka chino. MongoDB inasiya AGPL mu 2018 n'kutenga laisensi yakeyake ya SSPL. Elasticsearch inasiya Apache 2.0 mu 2021. HashiCorp inasintha laisensi ya Terraform mu 2023, ndipo Redis inasiya BSD mu 2024. Anthu osakondwa anatenga code yakale n'kupitiriza okha: ndi mmene zinabadwira OpenSearch, OpenTofu ndi Valkey. Version imene munatenga kale imakhalabe pa laisensi yake yakale, koma mukangokweza osawerenga, mwasaina pangano latsopano muli m'tulo. Nthawi zina kusintha kumapita kwabwino. Mu 2017 a Apache Software Foundation anakana React chifukwa cha mawu ena okhudza ma patent, ndipo patangopita miyezi iwiri Facebook inaiika pa MIT. Kumeneko kunali kulimba mtima kwa anthu amene amawerenga.

Tsono chitani izi. Musanalembe npm install kapena pip install, tsegulani LICENSE. Mphindi ziwiri n'zokwana kuti mudziwe banja lake. Gwirizanani ndi amene akukulembani ntchito pachiyambi penipeni: kodi code idzakhala yotsegula kapena yotseka, idzaperekedwa kwa anthu kapena idzangokhala pa seva? Yankho lake ndilo likuuzeni malaisensi amene mungalandire. Lolani kompyuta ikuthandizeni kuwerenga: license-checker ya npm, pip-licenses ya Python, ScanCode ndi FOSSology zimafufuza mpaka pansi pamene maso anu sangafike. Sungani lock file yanu, ndipo poikweza muziona chimene chasintha. Khalani ndi fayilo yolembamo maina ndi malaisensi a zonse zimene mwabwereka. Kumbukiraninso kuti timizere timene mumakopera pa Stack Overflow tili pansi pa CC BY-SA, si ta mumsewu. Ndipo inunso mukaika ntchito yanu poyera, ipatseni laisensi, kuti mnzanu wobwera pambuyo asavutike n'kulosera maganizo anu. Pamene pali ndalama zambiri kapena mawu akukusokonezani, pitani kwa loya. Kufunsa sikuchotsa ulemu.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukuganiza: ndani angabwere kuchokera kutali kudzafufuza kapulogalamu kanga? Mwina palibe. Koma tsiku limene mudzafune kugulitsa ntchito yanu ku banki, ku bungwe lakunja, kapena kwa munthu wofuna kuikamo ndalama, pepala la madanga atatu lija lidzakupezani. Ndipo ngakhale lisakupezeni, ganizirani za anthu amene analemba zimene mukudyerazo. Ambiri analemba usiku ataweruka kuntchito, osakudziwani, osakulipiritsani kanthu. Anangosiya mawu ochepa onena mmene akufunira kuti ntchito yawo isamalidwe. Munthu woleredwa bwino akabwereka khasu amamvera zimene mwini khasu wanena. Lero lomwe, tsegulani pulojekiti imene mukugwira, tulutsani mndandanda wa zonse zimene yabwereka, ndipo muwerenge mpaka dzina lomaliza.