Samani ya Khoti pa Ndalama za Poimika Galimoto: Mafunso ndi Mayankho

Popeza abale athu okhala ku England ndi Wales akhala akutifikira, ena mitima ili m'mwamba, atalandira chikalata cha khoti chochokera kwa makampani oyang'anira malo oimikapo magalimoto, taona kuti nkoyenera kuyankha pano mafunso amene abwera kawirikawiri.

Kodi chikalatachi nchiyani?

Ndi samani ya County Court, ndipo zambiri zimachokera ku Northampton. Kampani ikukulonjererani ngongole. Simukuzengedwa mlandu waupandu.

Kodi andimanga?

Iyayi. Apolisi alibe nawo gawo mlandu wotere.

Nanga ndikangokhala chete?

Apa ndi pamene ambiri agwera m'mbuna, pakuti, atazolowera kutaya makalata oopseza a makampani otolera ngongole osaona chowachitikira, amayesa kuti nacho cha khoti nchimodzimodzi, kuiwala mawu a makolo akuti mlandu suwola. Muli ndi masiku 14 oti muyankhe, ndipo amayamba kuwerengedwa patapita masiku 5 kuchokera pa deti lolembedwa pa samaniyo. Mukadziwitsa khoti kuti mwailandira, polemba fomu ili m'envulopu momwemo kapena pa intaneti kudzera pa Money Claim Online, masikuwo amakhala 28. Mukapanda kuyankha, kampani ikhoza kupempha chigamulo inu musanatsegule nkomwe pakamwa, ndipo chigamulocho ndicho chitchedwa CCJ.

Kodi CCJ idzandiipitsira dzina?

Ikhoza kutero ndithu, chifukwa imalembedwa m'kaundula kwa zaka 6, ndipo pa nthawi yonseyo amabanki, eni nyumba za lendi, ngakhale ogulitsa mafoni pa ngongole, angathe kukukayikirani. Koma mukalipira zonse mwezi umodzi usanathe chigamulireni, imafafanizidwa. Amene akufuna kudzapempha unzika afunse wodziwa malamulo, pakuti zigamulo zotere zingafunsidwe.

Ndikakana, kodi ndingapambane?

Sitingalonjeze. M'chaka cha 2015, pa mlandu wa ParkingEye ndi Beavis, Supreme Court inavomereza kuti ndalama zokwana £85 zimene kampani ya malo oimikapo magalimoto inalipiritsa zinali zololeka, makamaka popeza zikwangwani zinali zoonekera bwino. Choncho kungodandaula kuti ndalamazo zachuluka sikukwanira. Komabe ngati chikwangwani chinabisika kuseri kwa mtengo kapena chinali mumdima, ngati makina olipirira anali akufa, kapena ngati simunali woyendetsa ndipo kampani inaphonya nthawi imene lamulo la Protection of Freedoms Act la 2012 linaika yotumizira chidziwitso kwa mwini galimoto, muli nacho chonena. Sungani zithunzi, tikiti ndi malisiti. Musaname za amene anayendetsa, pakuti mudzasayina kuti zonse mwalembazo nzoona. Mukagonja, nthawi zambiri mumalipira ngongoleyo ndi zolipira za khoti zochepa, ngakhale woweruza angawonjezere akaona kuti munachita mosaganizira.

Ndinasamuka, ndipo CCJ ndaidziwa itagamulidwa kale. Kodi basi zatha?

Dandaulo ili latifika kambiri, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi keyala yakale yotsala ku DVLA, ofesi ya boma yosunga kaundula wa magalimoto. Mukhoza kupempha khoti, pa fomu N244, kuti lichotse chigamulocho, koma pempholi lili ndi mtengo wake, woweruza sakakamizidwa kuvomera nthawi zonse, ndipo amayang'ana ngati munafulumira mutangomva. Musanalembe, pitani ku Citizens Advice, kumene amalangiza kwaulere, mutanyamula makalata onse.