Chikwangwani cha mitengo: diso la wogula liyambire pati?

Sabata ino tisiye kaye za kopikula katundu, tikambe za chikwangwani chomwe mwapachika pa benchi, pa okala kapena pa golosale panu. Ambirife timachilemba mothamanga pa katoni n'kuchiiwala. Komatu ndicho chimayankhula ndi munthu wodutsa pomwe inu muli kalikiliki kupereka chenji kwa wina. Chikakhala chosokonekera, wogula safunsa. Amangopitirira n'kukagula kwa mnzanu wapafupi.

Tiyerekeze mayi wogulitsa mpunga, nyemba ndi ufa mumsika wa Limbe. Pa katoni imodzi alembapo dzina la bizinesi, katundu 12, nambala za foni ziwiri ndi mawu akuti ngongole mawa. Zilembo zonse n'zofanana kukula, ndipo malo atawathera mawu ena akwera cham'mbali. Wogula wanyamula jumbo, akuzemba mawilibala, wangoponyako diso kamodzi. Wawerenga chiyani? Palibe. Katundu wa mayiwa ndi wabwino, mitengo njabwino, koma chikwangwani chawabisa. Nazi mfundo zomwe akatswiri okonza masamba ndi zikwangwani amatsatira, zomwe inunso mungazikwanitse ndi choko kapena penti.

1. Sankhani chachikulu chimodzi

Musanagwire cholembera, dzifunseni kuti: munthu akangowerenga chinthu chimodzi chokha, chikhale chiti? Kwa ambirife yankho ndi katundu yemwe amatibweretsera makasitomala ndi mtengo wake. Kwa mayi aja ndi mpunga wa Kilombero. Chimenecho chikhale pamwamba, ndi zilembo zoposa zina zonse.

Gawani zolemba zanu m'misinkhu itatu yokha. Zazikulu: katundu wotsogola ndi mtengo wake. Zapakati: mndandanda wa katundu wina. Zazing'ono: dzina lanu, nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira. Dzina la bizinesi timalikonda, koma wogula sadya dzina. Zonse zikakula mofanana zimakhala ngati anthu khumi akufuula nthawi imodzi, sipamveka ngakhale mmodzi.

2. Yezani mtunda womwe wowerenga aimire

Olemba zikwangwani ali ndi lamulo losavuta: pa mamita 3 alionse, chilembo chitalike masentimita pafupifupi 2.5. Ngati anthu amadutsa pa mamita 6 kuchokera pa benchi panu, zilembo za mutu zikhale masentimita 5. Ngati mukufuna kukopa yemwe ali tsidya la msewu, pa mamita 15, zifike masentimita 12 kapena 13. Pewani zilembo zopiringizika ndi zopyapyala. Zimakongola pafupi, koma patali zimasanduka mizere yachabe.

3. Wongolani mizere

Diso limayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenako n'kutsika. Lithandizeni. Mayina onse a katundu ayambire pamzere umodzi kumanzere, mitengo yonse ithere pamzere umodzi kumanja. Jambulani kaye mizere yosaoneka kwambiri ndi pensulo ndi rula, kapena mangani ulusi, musanapake penti.

Mtengo usayende wokha popanda muyezo. Lembani ngati ndi wa kilogalamu, mulu, mbale kapena chigoba cha malita 5. Mikangano yambiri pamsika imayambira pamenepa: wogula amati mtengo unali wa chigoba, wogulitsa amati wa kilogalamu. Samalaninso manambala. K1,500 ndi K15,000 zimasiyana ndi ziro mmodzi yekha, choncho kachizindikiro kolekanitsa masauzande kazioneka bwino. Nambala 1 isafanane ndi 7, ndipo 0 asaoneke ngati 6.

4. Musaope malo opanda kanthu

Ambiri amaona ngati malo otsala ndi ndalama yotayika, ndiye amadzaza ngodya iliyonse. Koma mpata ndi womwe umachititsa mawu kuoneka. Mukamaunjika tomato m'milu mumasiya danga pakati kuti wogula adziwe pomwe mulu wathera. Chimodzimodzi pa chikwangwani. Siyani m'mphepete monse mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Katundu wofanana akhale pamodzi: mpunga, ufa ndi nyemba gulu lawo, sopo ndi mafuta odzola gulu lawo. Mpata wa pakati pa magulu ukule kuposa wa pakati pa mizere ya gulu limodzi. Katundu akachuluka, lembani asanu kapena asanu ndi mmodzi oyenda malonda, enawo muike timapepala ta mitengo pa katundu weniweniyo.

5. Mitundu isiyane kwambiri

Zakuda pa choyera, zakuda pa chachikasu, kapena choko choyera pa bolodi lakuda zimawerengeka ngakhale kukuda. Bolopeni ya buluu pa katoni yakhaki siioneka. Ngati katoni ndiyo muli nayo, matanipo pepala loyera ndipo mulembe ndi cholembera chakuda chonenepa, chija ena amati pentopeni. Mitundu iwiri njokwanira, wachitatu ukhale wa mtengo wotsitsidwa basi.

Dziwaninso kuti pali anthu, makamaka abambo, omwe maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Musalembe zofiira pa chobiriwira. Ngati mumalandira ndalama pa foni, mutha kuzunguliza nambala ya Airtel Money ndi chofiira, ya TNM Mpamba ndi chobiriwira, popeza anthu adaizolowera mitunduyi, koma lembaninso dzina pambali pake. Nambala ya foni ili ndi manambala 10. Igaweni anayi, atatu, atatu, kuti wokopera asalumphe imodzi n'kutumiza ndalama yanu kwa munthu wina.

6. Konzekerani kusintha kwa mitengo

Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pomwe kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo n'kumasintha pafupipafupi. Zikwangwani zambiri zidadzaza ndi zofufuta, mtengo watsopano pamwamba pa wakale. Chikwangwani chotere chimapatsa wogula maganizo oti mukumuyeza nkhope musanatchule mtengo. Njira yake nayi: mayina a katundu alembeni ndi penti, koma kumanja pakani kabokosi kakuda komwe muzilembamo mtengo ndi choko. Mukhozanso kumata timapepala tofanana kukula tomwe muzingosinthanitsa. Paja bungwe la Competition and Fair Trading Commission limakumbutsa amalonda kuti mitengo izikhala poonekera, choncho kubisa mitengo poopa kufufuta si yankho.

7. Pa pepala ndi pa foni, mfundo ndi zomwezi

Ngati mukusindikiza timapepala togawa, kumbukirani kuti pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Mukalidula pakati mumapeza awiri a A5, omwe ndi okwanira uthenga umodzi, ndipo mwapulumutsa theka la ndalama ya fotokope. Uzani wapakompyuta kuti asapitirire mitundu iwiri ya kalembedwe, ndipo musindikize limodzi kaye kuti muone. Chomwe chikuwala pa kompyuta chimatha kutuluka chotuwa pa fotokope.

Pa WhatsApp, uthenga wa pa status umakhala maola 24 okha, ndipo anthu amaudutsa ndi chala msangamsanga. Ikani chithunzi chimodzi chowala cha katundu weniweni, mtengo m'munsi mwake, ndi komwe mukupezeka. Mawu asakwere pamwamba pa chithunzi chodzaza zinthu. Aikeni pa kabokosi ka mtundu umodzi. Omwe amagwiritsa ntchito Canva achenjere ndi zokongoletsa zambirimbiri zomwe zili mmenemo: kupezeka kwaulere sikutanthauza kuti zonse zilowe pa tsamba lanu. Gwiritsani mitundu ndi kalembedwe komweko pa chikwangwani, pa pepala ndi pa foni, kuti kasitomala akangoona adziwe kuti ndi inu.

Ntchito ya sabata ino

Mawa m'mawa, musanayale katundu, kaimeni pomwe ogula amadutsa ndipo muyang'ane chikwangwani chanu mutatsinzina pang'ono. Chomwe chikuonekabe ndicho wogula amachiona. Ngati si katundu wanu wotsogola ndi mtengo wake, chikwangwanicho chikufunika kulembanso.

Kenako itanani munthu yemwe sadziwa malonda anu, kaya ndi mwana wasukulu kapena agogo omwe maso ayamba kuvuta. Muonetseni chikwangwanicho, muwerenge mpaka katatu, n'kuchitembenuza. Mufunseni zomwe mukugulitsa ndi mtengo wake. Akalephera, musamuimbe mlandu. Chotsanipo mawu ena, kulitsani otsalawo, ndipo muyesenso.

Pomaliza, lembani m'kope chiwerengero cha anthu omwe akufunsa kuti "zingati?" pa tsiku, sabata ino ndi sabata yamawa mutasintha chikwangwani. Ofunsa mtengo akachepa, ofika ndi ndalama m'manja n'kuchuluka, dziwani kuti chikwangwani chayamba kugwira ntchito yake.