Phunziro: Nkhumba Ikhale M'khola

Abale okondedwa a kwa Kanduku, nkhumba yolekereredwa kuyendayenda m'mudzi ndi kuthengo imatola nthenda ziwiri zoopsa.

Yoyamba ndiyo chigodola, chimene Montgomery anachilongosola ku Kenya m'chaka cha 1921. Njiri ndi nguluwe zimakhala nako kachirombo kake osadwala, ndipo nkhufi za m'mauna a njiri zimakapatsira nkhumba zathu. Nyama ya nkhumba yodwala, kaya ya kuno kaya yochokera kutsidya ku Mozambique, imawanditsanso nthendayi. Munthu sadwala nayo, koma nkhumba zimafa zambiri, pakuti mankhwala ochiza palibe.

Yachiwiri ndiyo masese. Nkhumba ikadya chimbudzi cha munthu wokhala ndi njoka za m'mimba, mazira a njokazo amasanduka timatuza toyera m'mnofu mwake. Wodya nyama yotere yosapsa bwino, njoka imakula m'matumbo mwake. Womeza mazirawo m'madzi kapena m'chakudya chodetsedwa angathe kugwidwa khunyu.

Tsono inu aphunzitsi, kumbutsani anthu izi: amange khola lolimba, akumbe chimbudzi, asambe m'manja, aphike nyama ipse ndithu. Nkhumba yofa yokha aikwirire mozama, asaigulitse.