Kusankha zotsekera m'makutu kwa woyendetsa njinga yamoto

Anyamata a bodaboda ku Ngumbo, ku Liuli ndi ku Mbamba Bay amasamala matayala, mabuleki ndi tcheni, koma za makutu sakambako. Chonsecho makutu amatha pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Mukatsika panjinga madzulo n'kumva m'makutu mukulira ngati mwalowa nyenje, kapena mawu a anthu akumveka ngati akuchokera patali, dziwani kuti phokoso la tsiku limenelo lakupwetekani. M'kati mwenimweni mwa khutu muli timaselo ta tiubweya timene timalandira mawu. Tikafa sitimeranso, ndipo palibe mankhwala otidzutsa.

Ambiri amaloza injini chala. Pa Boxer kapena TVS imene ekizozi yake sinabooledwe, chimene chimasokosa kwambiri njinga ikathamanga ndi mphepo yowomba pa helimeti. Ofufuza a ku Britain atayeza phokoso m'kati mwa mahelimeti anapeza kuti pa liwiro la makilomita 60 pa ola limafika madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 90, ndipo liwiro likamakwera nalonso limakwera. Bungwe la NIOSH la ku America limati madesibelo 85 munthu asapitirire nawo maola 8 patsiku, ndipo akangowonjezeka ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 100 mphindi 15 zokha. Msewu wa Mbinga wotsikira ku Mbamba Bay ndi makilomita 66, ndipo chiuthirireni phula njinga zimathamanga. Wopita ndi kubwerera kawiri patsiku muyezowo waudutsa kalekale, makamaka miyezi ya mwera pamene mphepo ikumenya kumaso.

Musanagule zotsekera m'makutu, yambani ndi kuona maulendo anu. Wongozungulira pamsika, kunyamula madengu a usipa kuchokera padoko pa liwiro lochepa, safunika kutseka makutu tsiku lonse. Pamenepo chofunika n'kumva ana, mbuzi ndi hutala. Zotsekera n'za ulendo wautali ndi msewu wothamanga.

Kenako sankhani mtundu. Za siponji ndizo zotsika mtengo ndiponso zopezeka msanga, m'masitolo ogulitsa magolovesi ndi majombo a antchito kapena m'mafamase a m'matauni ngati Mbinga ndi Songea. Zimatseka kwambiri, koma zimada msanga ndipo n'zotaya. Za labala yofewa zokhala ndi timizere tiwiri kapena titatu zimachapidwa, zimakhalitsa miyezi. Pa za labalazi pali zina zokhala ndi kasefa pakati, zopangidwira oyendetsa njinga zamoto: zimachepetsa mkokomo wa mphepo koma mawu a munthu ndi hutala zimamvekabe. Kwa wonyamula anthu, ine ndingasankhe zimenezi ngakhale zili zokwererapo mtengo, poti kasitomala akamati "ndatsika pano" muyenera kumumva. Ziliponso zoumbidwa molingana ndi khutu la munthu, koma zimafuna katswiri wa makutu ndi ndalama zambiri.

Yang'anani nambala yolembedwa papaketi. Imakhala ndi zilembo SNR kapena NRR, ndipo imanena madesibelo amene chotsekeracho chingachotse. Za siponji kawirikawiri zimakhala cha m'ma 30, za kasefa cha m'ma 20. Musathamangire nambala yaikulu. Cholinga n'kutsitsa phokoso lifike pansi pa 85, osati kuyenda pamsewu ngati wogontha. Komanso nambalayo imapezeka poyeza chotsekera chimene chavalidwa bwino. Chikalowa mwatheka, chitetezo chimatsika kwambiri. Chotsekera cha 20 chokukwanani chimaposa cha 35 chongolendewera pakhomo pa khutu.

Apa ndiye pagona nkhani: kukula kwake. Makutu a anthu amasiyana, ndipo ngakhale munthu mmodzi khutu lamanja limatha kusiyana ndi lamanzere. Musagule bokosi lonse musanayese. Gulani ziwiri zokha, muvale, kenako muvale helimeti yanu ndi kuivula kangapo. Ngati helimeti ikukoka chotsekeracho kapena kuchikankhira m'kati mpaka kupweteka, ndiye kuti kamchira kake n'kakatali, funani chachifupi. Zokhala ndi chingwe zisiyeni, chingwecho chimakodwa m'helimeti ndipo chikamakhuza jekete phokoso lake limalowa m'khutu momwemo. Khalani nazo theka la ola musanaweruze, chifukwa zina zimayamba kuwawa pakapita nthawi.

Kavalidwe ka za siponji kamalakwika kwambiri. Sambani m'manja kaye, manja a girisi ndi fumbi asakhudze chinthu cholowa m'khutu. Chipoteni pakati pa zala mpaka chiwonde bwinobwino popanda makwinya. Dutsitsani dzanja linalo pamwamba pa mutu, mukokere khutu m'mwamba ndi m'mbuyo kuti njira yake iwongoke, mulowetse msanga, ndipo mugwirize ndi chala masekondi 30 kufikira chitafufuma. Mukadziyang'ana pagalasi la njinga, chisamaonekere kwambiri kunja. Poyesa, lizani njinga, phimbani makutu ndi zikhato kenako muchotse. Ngati phokoso lasintha kwambiri, sichinatseke, yambiraninso. Pochotsa potokolani pang'onopang'ono, osazula mwamphamvu.

Thonje, tishu ndi kansalu sizithandiza kwenikweni, ndipo tizidutswa take timatsalira m'khutu. Timahedifoni ta foni ndiye toipiratu: kuti nyimbo imveke pamwamba pa mphepo mumakweza voliyumu, phokoso n'kuwonjezeka. Helimeti nayo ili ndi gawo lake. Yotaya, yopanda galasi kapena yosamangidwa pachibwano imalowetsa mphepo yambiri, ndipo kuboola ekizozi kuti njinga izimveka kutali kumapweteka mwini wake poyamba.

Za labala muzichapa ndi sopo ndi madzi oyera, ziume, muzisunge m'kabotolo kotseka osati m'thumba limodzi ndi makobidi. Za siponji zikada kapena zikasiya kufufuma, tayani. Musabwerekane ndi mnzanu wapasiteji. Mukachoka kosamba m'nyanja dikirani makutu aume musanatseke, poti chinyezi chotsekeredwa m'kati chimabweretsa matenda.

Ngati khutu likutuluka mafinya, likuwawa, kapena ladzaza phula, musalowetsemo kanthu. Chimodzimodzi ngati kulira kwa m'makutu kwatha masiku osasiya, kapena khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi. Imikani njinga mupite kuchipatala, ku St. Anne's ku Liuli kapena chimene muli nacho pafupi, akakuoneni musanagule chotsekera chilichonse.